Lekani kunyoza mayi wopita ndi chakudya kundende

Boma likatsekera munthu, udindo womudyetsa ndi wake. Koma kuno ku Mangochi mtolo umenewu wagwera mayi wa kumudzi, ndipo ife anansi ake tikumuwonjezera manyazi pamwamba pake. Zimenezi zikundinyansa.

Taganizani za mayi wochokera ku Makanjira amene mwana wake ali pa rimandi kundende ya Mangochi. Wagulitsa nkhuku kuti apeze ndalama ya ulendo, wakazinga usipa, wamanga ufa, sopo ndi kashuga pang'ono pansalu. Atafika pageti akudikira padzuwa, ndiwo akuyamba walawa yekha pamaso pa msilikali kuti zidziwike kuti mulibe choipa, kenaka mphindi zochepa zolankhulana ndi mwana wake, basi. Akabwerera kumudzi amva manong'onong'o pachitsime: "Akulera mbava ameneyo." Ndani wakuuzani kuti ndi mbava? Khoti silinagamule! Ndipo ngakhale litagamula, chilango chake n'kukhala m'ndende. Palibe woweruza amene analamulapo kuti mkaidi afe ndi njala kapena aiwalidwe ndi abale ake.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino likunena poyera kuti womangidwa ali ndi ufulu wochezeredwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, abale, mtsogoleri wachipembedzo ndi dokotala, komanso wolandira chakudya chokwanira. M'chaka cha 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zonyoza umunthu, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zadutsa, akaidi akadagonabe mopanikizana, akudya kamodzi patsiku nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba. M'chaka cha 2022 tinamva za ndende zimene zinatha masiku opanda chakudya. Nanga wodwala TB, kapena womwa ma ARV, apirira bwanji popanda kamphika ka mayi uja?

Anthu a kunyanja kuno sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi. Mlakatuli Jack Mapanje, mwana wa m'mudzi wa Kadango, anatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo kwa nthawi yaitali banja lake silinkaloledwa kumuona. Masiku amenewo anthu ankaopa ngakhale kupereka moni kwa mkazi wa womangidwa. Lero palibe amene angatigwire chifukwa chokaona mkaidi, komabe tikuthawa mabanja awo mwa kufuna kwathu.

Kwa akuluakulu a ndende ndikuti: musamamuone mlendo ngati wopempha chifundo, wabwera pa ufulu wake. Mukasamutsira mkaidi ku Zomba, dziwitsani abale ake asanawononge ndalama ya ulendo pachabe. Aphungu a ku Mangochi afunse m'nyumba ya malamulo chifukwa chake ndalama za chakudya cha akaidi sizikwanira.

Koma mawu anga akulu ndi a inu mashehe, abusa, ansembe ndi mafumu. M'ndendemo muli anyamata amene chimangidwire sanaonepo nkhope ya kwawo. Funsani mayina awo. Sonkhani sopo ndi ufa ku msikiti ndi kutchalitchi, ndipo mayi uja akamanyamuka mwezi wamawa, wina mwa inu amuperekeze.