Ndagi ya Zilembo Imakoma Pagulu

M'nyuzipepala zambiri za ku America muli kangodya kena kamene sikasintha, kaya dziko lili pa chisankho, pa nkhondo kapena pa chikondwerero. Kamakhala chakumapeto, pafupi ndi zithunzi zoseketsa. M'kangodyako mumakhala mawu anayi omwe zilembo zake zasokonezedwa dala, awiri a zilembo 5 ndi awiri a zilembo 6. Wowerenga amabwezera chilembo chilichonse pamalo pake. Akatero amatola zilembo zomwe zagwera m'timabwalo tozunguliridwa n'kuzisanjanso, kuti apeze yankho la funso lomwe lili pa kachithunzi ka pambali. Yankholo kawirikawiri limakhala nthabwala. Ndipo silituluka tsiku lomwelo ayi, limadikira nyuzi ya mawa.

Masewerawa amatchedwa Jumble. Amene anawayambitsa mu 1954 ndi Martin Naydel, katswiri wojambula zithunzi za m'mabuku a nthano, ndipo poyamba ankawatcha Scramble. Mu 1962 ntchitoyi inagwera m'manja mwa Henri Arnold ndi Bob Lee, omwe anaigwira kwa zaka zoposa 30, wina akujambula, mnzake akusankha mawu. Lero amene akuiyendetsa ndi David L. Hoyt ndi Jeff Knurek, ndipo kampani ya Tribune Content Agency imaitumiza ku nyuzipepala zoposa 600. Papita zaka zoposa 70 kangodyako kakutuluka tsiku ndi tsiku. Nyuzipepala zina zomwe zinkakasindikiza zinatsekedwa kalekale, koma iko kalipobe.

Chinthu chaching'ono chotere sichingakhale moyo wautali choncho pachabe. Ambiri amati chinsinsi chake n'chakuti chimanola ubongo. Koma chifukwa chenicheni chili pena: ndagi imeneyi imavuta kuisunga wekha.

Masamu ake ndi awa. Zilembo 5 zosiyana zitha kusanjidwa m'njira 120. Zikakhala 6, njirazo zimafika 720. Palibe munthu amene amayesa zonsezo. Diso limasaka zilembo zomwe zimakonda kuyendera limodzi, ndipo likagwira njira yolakwika limakakamira pomwepo. Munthu atha kukhala ndi liwu limodzi kwa mphindi 10, tiyi n'kuzirala, akungowona chinthu chomwechomwecho chopanda tanthauzo. Ena amalemba zilembozo mozungulira m'mphepete mwa tsamba kuti diso liiwale dongosolo lomwe lasindikizidwa. Ena amatembenuza nyuzi n'kuyamba kaye zina. Ndiye pamabwera mnzake, mwina wongodutsa, n'kusuzumira paphewa kamodzi kokha, basi walitchula liwulo. Wongofikayo sikuti ndi wanzeru kuposa mwini nyuzi. Diso lake silinakodwe, ndiye kusiyana kwake. Aliyense amene anayesapo masewerawa amakudziwa kupsa mtima kwa mphindi imeneyo, komanso kuseka komwe kumatsatira. Mawa lake mwini nyuzi uja sadikiranso kuti mnzake asuzumire. Amachita kumuitana.

A ku Britain anazindikira zimenezi kudzera pa wailesi yakanema. Pomwe Channel 4 inkayamba kuwulutsa pa 2 November 1982, pulogalamu yake yoyamba inali Countdown, yotengera ina ya ku France yotchedwa Des chiffres et des lettres. Kumapeto kwake opikisana awiri amapatsidwa liwu la zilembo 9 zosokonezedwa kuti alipeze m'masekondi 30. Zilembo 9 zosiyana zili ndi njira 362,880 zozisanjira, komabe opikisanawo nthawi zina amayankha wotchi itangoyamba kuyenda. Pulogalamuyi ikuwulutsidwabe mpaka lero, ndipo owonera sakhala chete. Agogo, adzukulu ndi ophunzira a m'makoleji amapikisana ndi anthu a pa kanemawo ali pamipando yawo.

Umboni waukulu unabwera posachedwa. Josh Wardle, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wochokera ku Wales yemwe ankakhala ku Brooklyn, anakonzera bwenzi lake kamasewera kotchedwa Wordle. Sikosokoneza zilembo kwenikweni, koma ndi kachibale kake: munthu amalota liwu la zilembo 5 ndipo amapatsidwa mwayi ka 6. Wardle anakayika poyera mu October 2021. Pa 1 November chaka chomwecho osewera anali 90 okha. Pofika kumayambiriro kwa January 2022 anali ataposa 300,000, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo nyuzipepala ya The New York Times inakagula pa mtengo wopitirira $1 miliyoni.

Pa nthawiyo pa intaneti panali kale masewera a mawu osawerengeka, ena okongola kuposa Wordle. Kameneka kanawaposa pa zinthu ziwiri. Choyamba, liwu limakhala limodzi patsiku, lomwelomwelo kwa aliyense. Ukalipeza wathana nazo, udikire mawa. Chachiwiri chinachokera kwa osewera eni ake: ena ku New Zealand anayamba kuwuzana momwe ayendera pogwiritsa ntchito timabokosi tobiriwira, tachikasu ndi totuwa, osatchula liwulo. Wardle ataona izi anayika batani lochitira zomwezo mu December 2021, ndipo masewerawo anafalikira ngati moto wolusa. Anthu ankafuna kunena kuti ine ndapeza kachitatu, iwe bwanji, popanda kumulanda mnzawo chisangalalo chopeza yekha.

Mwambo umenewu si wachilendo kwa munthu amene anakulira komwe madzulo wina amati "Ndagi!" ena n'kuyankha "Gize!" Pabwalo lotero mwana amene anaimva kale ndagiyo n'kufuwula yankho ena asanaganize amadzudzulidwa ndi anzake. Kukoma kwake kuli pa kanthawi kaja komwe onse akukanda mitu pa funso limodzi. Ndagi ya zilembo imafuna ulemu womwewo. Wopeza msanga amangoti "ndapeza" n'kusunga pakamwa, kapena amapereka kanjira: likuyamba ndi chilembo chakuti, limapezeka kukhitchini.

Nanga zonola ubongo zija? Apa mpofunika kusamala, chifukwa pali ena amene anadyerapo ndalama. Mu January 2016 kampani yomwe ili ndi masewera a Lumosity inavomera kulipira $2 miliyoni bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, litaidzudzula kuti inkanena popanda umboni wokwanira kuti masewera ake amateteza anthu ku matenda oyiwala a ukalamba. Palinso nkhani ya Nigel Richards wa ku New Zealand, yemwe mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa masewera osanja zilembo a Scrabble ya Chifalansa pomwe chinenerocho salankhula. Anangoloweza mndandanda wa mawu m'masabata ochepa. Luso lake ndi lodabwitsa, koma likusonyeza kuti kusanja zilembo ndi kudziwa chinenero ndi zinthu ziwiri. Wosewera Jumble tsiku lililonse chomwe angayembekezere motsimikiza n'chakuti adzakhala katswiri wa Jumble. Si mankhwala, ndipo sayenera kugulitsidwa ngati mankhwala.

Phindu lake ndi losavuta kuliwona. Amapatsa anthu osiyana misinkhu chokambirana chomwe sichidanitsa. Bambo ndi mwana wake wa sitandade 7 amakhala ofanana pamaso pa zilembo 6, ndipo nthawi zambiri mwanayo ndiye amapambana, chinthu chomwe sichichitikachitika pakhomo. Mlongo yemwe ali ku Johannesburg ndi mchimwene wake wa ku Kasungu atha kukhala ndi chifukwa cholemberana m'mawa uliwonse chomwe si pempho la ndalama kapena uthenga wa maliro. Wina anganene kuti anthu ali ndi zambiri zowadetsa nkhawa, mtengo wa chimanga ndi feteleza, ndiye za zilembo n'zachani? Funsoli n'lomveka. Koma anthu omwewo amapeza nthawi ya bawo, ndipo achinyamata ochuluka amathera tsiku akuyang'ana pa foni zotsatira za mpira womwe abetcha. Ndagi ya zilembo imatha m'mphindi zochepa ndipo silanda munthu ngakhale tambala.

Amene amaganiza kuti masewera a mawu ndi a azungu okha afunse a ku Nigeria. Kumeneko Scrabble, yomwe Alfred Butts anaikonza ku America m'zaka za m'ma 1930, imatengedwa ngati masewera enieni okhala ndi makochi ndi mipikisano. Mu November 2015 Wellington Jighere anagonjetsa Lewis Mackay wa ku England mu mzinda wa Perth ku Australia, n'kukhala munthu woyamba wa mu Africa kutenga chikho cha dziko lonse cha Scrabble ya Chingerezi. Pulezidenti wa Nigeria pa nthawiyo, Muhammadu Buhari, anachita kumuimbira foni kumuyamikira.

Jighere anapambana m'Chingerezi. Funso lomwe nyuzipepala za Chichewa ziyenera kudzifunsa n'lakuti ndagi yotere ingawoneke bwanji m'chinenero cha owerenga awo, pakuti kungokopera kapangidwe ka Jumble sikungathandize.

Chichewa chili ndi malamulo ake omwe amathandiza wosewera kwambiri. Liwu lililonse limathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u. Chilembo cha C chikawoneka, H amakhala pambuyo pake. Palinso magulu ozolowereka monga ts, dz, ny, mb ndi nkh. Mphunzitsi atalemba pa bolodi la m'chipinda cha aphunzitsi zilembo K, M, O, S, T, U, zokambirana zitha kuyenda motere. Wina anena kuti, "O kapena U, chimodzi chikhale kumapeto." Wina ayesa kuyamba ndi "ku" chifukwa mawu ambiri amayamba choncho, n'kupezeka watsala ndi M, S, T ndi O zomwe zikukana kugwirizana. Kenaka wachitatu, ali ndi kapu m'manja, anena kuti, "Madamu, tayikani T ndi S pamodzi, M ayime payekha kutsogolo." Apo mtsuko watulukira. Liwuli limavuta chifukwa lili ndi malembo a liwu awiri okha pomwe maphatikizo ndi atatu, poti "m" woyambirirayo ndi phatikizo payekha. Wokonza ndagi wodziwa ntchito yake angasake mawu a mtundu umenewu: mtengo, mphika, mkango.

Mawu afupi ali ndi msampha wina. Ndagi yabwino imayenera kukhala ndi yankho limodzi, koma m'Chichewa kungosinthanitsa zilembo ziwiri kumabala liwu lina lenileni. Zilembo za "tola" ndi zomwezo za "lota". "Mana" ndi "nama", "pala" ndi "lapa", "sula" ndi "lusa", "sala" ndi "lasa", onsewa ndi mapasa. Wokonza wosasamala angayambitse mkangano tsiku loyamba lomwe. Wochenjera angasandutse vutoli kukhala masewera pawokha, n'kufunsa owerenga kuti apeze mawu onse awiri.

Mawu aatali ndiye amafuna njira ina. Liwu ngati "chipwirikiti" lili ndi zilembo 12, ndipo kuzimwaza zonse kungatopetse ngakhale katswiri. Koma ana a sukulu kuno amaphunzira kuwerenga ndi maphatikizo, choncho n'kwanzeru kusokoneza maphatikizowo m'malo mwa zilembo: KI, CHI, TI, PWI, RI. Maphatikizo 5 ali ndi njira 120, chimodzimodzi liwu la zilembo 5 la mu Jumble. Ndagi yotere itha kuwerengedwa ngakhale pa wailesi m'mawa, yankho n'kudzaperekedwa madzulo, ndipo yemwe alibe nyuzi kapena bandulo ya intaneti angasewere nawo.

Chomwe chingavute kwambiri ndi kalembedwe, ndipo mkangano wake ndi wothandiza. Kodi ndi "mawu" kapena "mau"? Oyambawo ali ndi zilembo 4, enawo 3. Kodi ndi "masewera" kapena "masewela"? Lamulo la kalembedwe limati R amabwera pambuyo pa E ndi I, koma pa zikwangwani ndi pa mauthenga a pa foni anthu amalemba momwe afunira. Wowerenga wa ku Chipata, komwe amalemba "cimanga", adzasowa kopita ndi H yemwe wa ku Lilongwe amamufuna mu "chimanga". Pa nkhani wamba kusiyana kotere diso limangokudumpha. Pa ndagi ya zilembo sikudumphika, chifukwa chilembo chimodzi chikasowa bokosi limatsala lopanda kanthu. Munthu yemwe sanatsegulepo buku la malamulo a kalembedwe adzapezeka akutsutsana ndi mnzake za R ndi L mu minibasi.

Zida zothetsera mikangano yotere zilipo. Bungwe la Centre for Language Studies la University of Malawi ku Zomba, lomwe linalowa m'malo mwa Chichewa Board, linatulutsa mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha. Palinso mtanthauziramawu wa Chichewa ndi Chingerezi womwe Steven Paas anasonkhanitsa. Mkonzi amene angafune kuyamba asankhe buku limodzi, alitchule pansi pa kangodyako tsiku lililonse, ndipo asalisinthe pakati panjira. Apeze anthu awiri monga anachitira a Jumble, wosankha mawu ndi wojambula, chifukwa nthabwala ya pa chithunzi ndi imene imachititsa kuti munthu awonetse mnzake tsambalo. Owerenga aloledwe kutumiza mawu a kwawo, a kunyanja, a kumunda wa fodya, a kumsika, ndipo dzina la boma lomwe liwulo lachokera lisindikizidwe limodzi ndi yankho m'nyuzi yotsatira.