Gitala sagula ndi maso, abale anga

Lero za misonkho ya khonsolo ndi kukwera kwa mafuta ophikira tazisiya kaye. Ndabwera ndi nkhani ya pabanja pathu, ndipo chitsiru cha m'nkhaniyi ndine ndemwe.

Achemwali anga amagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe. Mwana wawo woyamba, mnyamata wa zaka 15 yemwe ali Fomu 2, nyimbo zinamulowa m'magazi. Ali Sitandade 6 anadzikhomera banjo ya chitini cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga, ndipo amailiza mpaka aneba kudandaula. Tsono mayi ake atalandira ndalama za chipereganyu anandiitana nati: "Achimwene, inu mumayendayenda m'tauni, mukamugulire mwanayu gitala yeniyeni. Bola azikhala pakhomo n'kumaimba kusiyana n'kumakazungulira ndi anyamata achamba aja."

Inu nomwe mukudziwa kuti ndalama ya chipereganyu ndi thukuta lotani. Imeneyo inali miyezi inayi yodzuka mbandakucha kukapikula tomato. Ine ndi nzeru zanga za utolankhani ndinangopita ndekha, osamutenga mwini wake, ati ndikamudzidzimutse. M'sitolo ina m'tauni ndinapeza gitala yofiira psuu, yonyezimira ngati galimoto ya nduna. Wogulitsa anailiza kamodzi, khwaa! Ine n'kupereka ndalama pomwepo.

Mnyamata analandira ndi manja awiri, "Zikomo amalume." Patatha sabata ziwiri ndinapita kukacheza. Gitala ili pansi pa bedi, iye ali kuseri kwa nyumba ndi banjo yake ya chitini. Nditamufunsa anangowerama, kenaka n'kundionetsa zala. Nsonga zonse zili ndi mabala. Ulemu unamuletsa kunena kuti amalume agula chinthu chosathandiza.

Tinanyamula gitala ija kupita kwa madala ena osoka nsapato kuseri kwa msika, omwe akhala akuliza gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwawo ine ndisanabadwe. Anaigwira, anaiyang'ana ngati munthu wosuzumira mumpaipi, n'kuseka. "Mwana wanga, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Khosi lapindika ili." Kusitolo kuja anandionetsa chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Basi, safunsa anadya phula.

Zomwe madalawo anandiphunzitsa masana amenewo ndikukupatsani ulere, poti ine ndinazilipira kale.

Choyamba, mutengeni mwanayo pokagula. Nsapato simugulira munthu osamuyeza, gitala chimodzimodzi. Akhale pampando, aifukate. Ngati mkono wamanja ukulephera kudutsa bwino pamwamba pa mimba ya gitala, kapena wamanzere ukuchita kutambasuka kuti ufike kumutu, yamukulira. Alipo magitala aang'ono olembedwa 3/4 oyenera ana a kupulayimale. Wa zaka 15 nthawi zambiri yaikulu imamukwana, koma muyeseni ndithu.

Chachiwiri, dziwani kuti magitala a bokosi alipo amitundu iwiri. Ina nsambo zake ndi za nayiloni, ina za waya. Ya nayiloni ndi yofewa ku zala, koma khosi lake ndi lotambalala, pafupifupi mamilimita 52 kumutu. Ya waya khosi ndi lopyapyala, cha m'ma 43, ndipo imalira mokweza, yabwino m'kwaya kapena pabwalo, koma imapweteka zala masabata oyamba. Mufunseni mwanayo nyimbo zomwe akufuna kumaimba, asankhe yekha. Chenjezo ndi ili: musadzayerekeze kuika nsambo za waya pa gitala yopangidwira nayiloni. Nsambo 6 za waya zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70, kuposa thumba la chimanga, pomwe za nayiloni zimathera cha m'ma 40. Gitala ya nayiloni siipirira katundu wotere: khosi limapindika, kapena kathabwa komangirapo nsambo kamazuka.

Chachitatu, ndipo apa m'pomwe ine ndinagwera, onani kutalika kwa nsambo kuchokera pa khosi. Pakhosi pa gitala pali timizere tachitsulo topingasa, oimba amati mafreti. Werengani kuchokera kumutu mpaka pa ka nambala 12. Pamenepo mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi kachitsuloko uzikhala mamilimita 2 kapena 3 pa gitala ya waya, ndipo osapitirira 4 pa ya nayiloni. Mulibe lula? Tengani machesi. Kamtengo kamodzi kazilowa bwino. Tikalowa tiwiri tosanjikizana n'kutsalabe mpata, isiyeni gitalayo. Pa yanga yofiira ija panalowa bolopeni yathunthu. Mwana amachita kulimbana ndi waya ngati akumanga mtolo wa nkhuni.

Chachinayi, ikani thako la gitala kumaso kwanu, mutsinzine diso limodzi, muyang'ane motsata khosi monga amachitira kalipentala ndi thabwa. Likhale lowongoka. Likakhala ngati uta kapena lopotoka, musamvere zoti "tikonza, bwana". Magitala ambiri a waya amakhala ndi chitsulo m'kati mwa khosi chomwe wodziwa amatha kupotokola n'kuwongola pang'ono, koma khosi lopotoka chammbali silimva mankhwala.

Chachisanu, khutu ligwire ntchito. Ichuneni kaye. Masiku ano pafoni pali timapulogalamu taulere tochunira, nsambo zake kuyambira yaikulu ndi E, A, D, G, B, E. Lizani nsambo osaigwira, kenaka idinikizeni pa freti ya 12 muilizenso. Mawu akhale omwewo, kungoti achiwiriwo okwera. Akasemphana, gitalayo idzanama ndipo mwana adzaganiza kuti wolakwa ndi iye. Dinikizaninso nsambo iliyonse freti ndi freti kumvetsera ngati pena pakulira ngati ntchentche m'botolo. Potokolani zokungira zonse 6: zisakhale zolimba ngati zadzimbiri, zisakhalenso zobwerera zokha.

Chomaliza, tengani kapepala muyese kukalowetsa pansi pa kathabwa ka pamimba kaja. Kakalowa, guluu wayamba kusiya. Yang'ananinso polumikizira khosi ndi mimba ngati palibe mng'alu. Zokandika pa penti zisakuopseni, ndi zongotsitsira mtengo basi.

Za dzina nazo samalani. Yamaha C40 ya nayiloni ndi Yamaha F310 ya waya ndi magitala odziwika kwa ophunzira m'maiko ambiri, koma inu a kaunjika mukudziwa bwino kuti chizindikiro amasokerera. Dzina likhalepo lisakhalepo, mayeso aja achitike. Gitala yakale yosamalidwa imaposa yatsopano yonyezimira yopangidwa mwachinyengo.

Wina anena kuti, kodi oimba athu akale ankayeza ndi machesi? Zoona, a Daniel Kachamba a ku Chileka, omwe anatisiya mu 1987, anafika ku Ulaya ndi gitala ya bokosi. A Allan Namoko, osaona, anagwedeza dziko lino ndi banjo. Anyamata a Madalitso Band anachoka m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ya nsambo 4 ndi babatoni wokhoma okha, mu 2017 n'kukaimba ku Zanzibar pa chikondwerero cha Sauti za Busara. Koma taganizani bwino: chida chomwe munthu wadzikhomera kapena kudzikonzera amachiyeza ndi zala zake zomwe, nsambo amaziika pomwe dzanja lake likufuna. N'chifukwa chake banjo ya chitini ya mphwanga ija inkaimbika kuposa gitala yanga ya m'sitolo. Luso silifuna chida chodula, limafuna chida chomvera.

Ndalama ya achemwali ndinabweza pang'onopang'ono kuchokera pa timakobidi tomwe akonzi a nyuzi ino amandiponyera, miyezi itatu ndikuyenda wapansi. Kenaka tinapita atatu, ine, mnyamata ndi madala a nsapato aja, machesi ali m'thumba. Tinapeza ya waya yakale yokandikakandika kwa bambo wina yemwe anasiya zoimba. Tinasungako ndalama ya nsambo zatsopano zopyapyala ndi thumba losungiramo. Madala analamula kuti isamasiyidwe padzuwa kapena kutsamiritsidwa kukhoma la chinyontho, ndipo mnyamata aziphunzira mphindi 20 tsiku lililonse akamaliza homuweki. Zala zinapweteka masabata angapo, kenaka zinachita zikundu. Pano aneba ayambanso kudandaula, ndipo mayi ake akuti dandaulo limenelo likuwasangalatsa.

Yofiira ija ndinaikoloweka kukhoma kuchipinda kwanga. Wina anafuna kuigulira mwana wake, ndinakana. Tomato woola sitibisa pansi pa mulu, si choncho amayi?