Ka jingle nako ndi nyimbo, lembani dzina la mwini wake

Pa wailesi iliyonse muno mu Livingstone pali tinyimbo timene timalira kambiri kuposa nyimbo za Yo Maps. Ndikukamba za kanyimbo kotsegulira nkhani, kaja kolira pansipansi muulutsi akamawerenga zilengezo za maliro, ndi ka jingle ka shopu ya simenti ndi malata kamene ana a ku Dambwa amakaimba pochokera kusukulu. Nyimbo yotchuka imawotcha miyezi itatu kenako n'kuzirala. Ka jingle kolira kakhumi pa tsiku kamakhala katalira ka 3,650 chaka chikamatha. Mufunseni amene anakapanga kuti walandira zingati pa kulira konseko. Yankho ambiri tikulidziwa: anamutumizira ya tsiku limodzi pa foni, mwina K500, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mchitidwe umenewu ndi wolakwika, ndipo ukupitirira chifukwa tavomereza bodza lakuti nyimbo yopanda woimba wodziwika ilibe mwini. "Ni ka beat chabe," amatero. Koma ka beat kameneko kali ndi munthu amene anakhala usiku wonse m'situdiyo ya chipinda chimodzi ku Maramba kapena ku Libuyu, kudikira magetsi abwere, kuti mamvekedwe ake agwirane ndi mawu a malonda anu.

Pa nyimbo yotere pamayenera kukhala ndalama ziwiri. Yoyamba ndi ya nchito, imene amalipira amene wakutuma kuti umupangire nyimbo ya malonda ake, pulogalamu yake kapena vidiyo yake. Yachiwiri ndi imene amaitcha royalty. Imeneyi imabwera chifukwa nyimboyo yaseweredwa pagulu, pa wailesi, pa TV, mu hotela kapena mu bala. Amene amailipira ndi mwini wailesi kapena mwini malowo, kudzera mu laisensi yake ya nyimbo. Anyamata ndi atsikana ambiri opanga nyimbo kuno amangodziwa yoyambayo.

Lamulo lilipo kale. Dziko la Zambia lili ndi Copyright and Performance Rights Act ya 1994, mutu 406 wa malamulo athu, imene inakonzedwanso mu 2010. Imateteza nyimbo moyo wonse wa woipeka, kuwonjezapo zaka 50 atamwalira. Sinena kuti nyimbo iyenera kutalika maminiti atatu, kapena kuti iyenera kukhala ndi mawu, kuti itetezedwe. Bungwe lotolera ndalamazi nalo lilipo, la Zambia Music Copyright Protection Society, ZAMCOPS, limene linayamba mu 1996. Ku Malawi nchito yomweyi amagwira a COSOMA, ku South Africa a SAMRO.

Mabungwe otere amagwira nchito mofanana kulikonse. Wailesi kapena hotela imalipira laisensi imodzi yoilola kusewera nyimbo za anthu onse. Ndalamazo zimalowa m'thumba limodzi. Pogawa, bungwe limayang'ana zinthu ziwiri: ndandanda ya nyimbo zimene mamembala ake analembetsa, ndi malipoti osonyeza zimene zinaseweredwa. Dzina lako likapezeka mbali zonse ziwiri, uli ndi gawo. Likasowa mbali imodzi, gawo lako limatsala m'thumba kapena limadyedwa ndi amene maina awo analembedwa. Apa ndi pamene wopanga ma jingle amagwera. Muulutsi amene amalemba zimene wasewera amalemba nyimbo za oimba odziwika. Kanyimbo kotsegulira pulogalamu amakaona ngati mpando wa m'situdiyo, chinthu chimene anangochipeza pamenepo.

Mkangano uwu ndi wakale. Mu 1847, mumzinda wa Paris, wolemba nyimbo wina dzina lake Ernest Bourget anakangana ndi mwini malo ena a zakumwa, chifukwa oimba a pamalopo anali kuimba nyimbo zake popanda kumulipira. Nkhani inapita kukhoti ndipo iye anapambana. Mu 1851 kunabadwa SACEM, bungwe la ku France lotolera ndalama za opeka nyimbo. Mfundo ya Bourget inali yosavuta: ngati nyimbo yanga ikukuthandiza kugulitsa, ndili ndi gawo pa malondawo. Mwini lodge wa m'mbali mwa Zambezi amene amalipira wophika ndi woyendetsa boti, koma nyimbo zosangalatsa alendo pa chakudya chamadzulo amaziyesa zaulere ngati mphepo, akukana mfundo imene anzake anagonja nayo zaka zoposa 170 zapitazo.

Amalonda ali ndi yankho lawo: "Tinakulipira kale, nyimbo ni yathu." Ndipo pamalamulo akhoza kukhala kuti akunena zoona, chifukwa nchito yochita kukutuma umwini wake ukhoza kupita kwa amene anakutuma ngati simunagwirizane mwanjira ina. N'chifukwa chake pepala ndi lofunika kuposa kugwirana chanza. Koma bwana wa shopu adzifunse kuti akutayapo chiyani akalola mnyamatayo kusunga ufulu wake wa royalty. Sataya olo ngwee imodzi. Ndalamayo sichokera m'thumba lake, imachokera mu laisensi imene wailesi iyenera kulipira kale. Jingle ikhalabe ya malonda ake okha, palibe wina adzaigwiritse nchito. Kuumirira kutenga zonse kuli ngati kugula mango kenako n'kudula mtengo kuti mwini wake asadzatcholenso.

Mawailesi a m'madera nawo ali ndi yankho lawo: ndalama kulibe. Ine ndimagwira nchito mongodzipereka pa wailesi yotere, ndipo ndikudziwa mmene mafuta a jenereta amadyera kandalama ka zilengezo. Komabe kulemba dzina sikufuna ndalama. Mzere umodzi m'buku kapena pa kompyuta ndi wokwanira: mutu wa kanyimbo, woipeka, kutalika kwake, ndi kangati kalira. Mawailesi amalemba kale nthawi iliyonse imene malonda aulutsidwa, chifukwa popanda umboni umenewo amalonda salipira. Ngati titha kuwerenga kuti shopu ya malata yatchulidwa kangati kuti tilandire zathu, tithanso kuwerenga kuti nyimbo ya pansi pa malondawo yalira kangati kuti mwini wake alandire zake. Wailesi imene imadzitcha ya anthu singakhale yoyamba kufufuta dzina la mwana wa m'komboni momwemo.

Opanga nyimbo nanunso musadzikhululukire. Mumakonda mwambi wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ndi lendi ikukudikirani palibe angakunyozeni potenga ya lero. Koma kumbukirani Solomon Linda. Mu 1939 anajambula nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo mu Johannesburg ndipo anapatsidwa mashilini 10. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasandulika The Lion Sleeps Tonight, inalowa mu filimu ya The Lion King ya 1994. Linda anamwalira wosauka mu 1962, ndipo ana ake anafika mpaka 2006 kuti apeze pangano lowapatsa gawo. Palibe wopeka amene amadziwa pa tsiku lojambula kuti nyimbo iti idzayenda mtunda wotani.

Kuno kwathu nkhani ya mtunda si maloto. Tili pa khomo la Mosi-oa-Tunya. Anthu ojambula mafilimu a zinyama ndi a zokopa alendo amabwera chaka chonse, ndipo ma lodge ndi makampani a maboti amafuna mavidiyo otsatsira malonda awo kunja. Onsewa amafuna nyimbo zomveka za kuno, za silimba, kalimba ndi ng'oma. Filimu yotere ikaonetsedwa pa TV ku Germany, bungwe la kumeneko la GEMA limatolera ndalama za nyimbo zake. Ku Britain amatolera ndi a PRS. Mabungwewa amatumizirana ndalama kudzera m'mapangano awo, ndipo ambiri ali pansi pa chigwirizano cha CISAC chimene chinayamba mu 1926. Koma ndalamayo imatsatira pepala lotchedwa cue sheet, ndandanda ya nyimbo iliyonse ya mufilimu, masekondi ake ndi dzina la woipeka. Ukapereka nyimbo pa flash popanda dzina lako kulowa pa pepala limenelo, ndalama yako idzakufunafuna ku Ulaya osakupeza.

A ZAMCOPS nawonso ali ndi ngongole kwa ife. Kuchoka kuno kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 470, ndipo mnyamata wa ku Linda sangakwere basi usiku wonse kukangofunsa za fomu. Mzinda umene uli likulu la zokopa alendo, wodzaza mahotela ndi malo achisangalalo, uyenera kumaona bungweli likulembetsa mamembala ndi kufotokoza poyera mmene limagawira ndalama: zatoleredwa zingati kuno, zapita kwa ndani, ndipo ma jingle ndi nyimbo za pansi pa mapulogalamu zimawerengedwa bwanji. Bungweli ndi la mamembala. Kufunsa mafunso amenewa ndi ufulu wawo, koma amafunsa ndi amene walowa.

Choncho iwe wopanga ma beat, usanatumize nyimbo ina pa WhatsApp, ipatse mutu, olo ikhale ya masekondi 10. Sunga mafailo oyambirira a pulojekiti, chifukwa ndiwo umboni wako. Lemba pangano la tsamba limodzi lonena kuti wokutumayo akugula chilolezo chogwiritsa nchito nyimboyo, kwa nthawi yakuti, pa malo akuti, ndipo ufulu wa royalty ukutsala kwa iwe. Ngati munapanga awiri, lembani magawo anu lero mukadali pa ubwenzi. Lowa ZAMCOPS ndipo ulembetse nyimbo iliyonse, ngakhale imene ukuiona yaing'ono.

Adzakuuza kuti ukuvuta, kuti pali wina ku Dambwa amene apanga pa K200 popanda mapepala. Izi zidzatheka pokhapokha ngati winayo alipodi. Opanga nyimbo za mtundu uwu mu Livingstone si ambiri, mumadziwana, mumabwerekana maikolofoni. Khalani pansi mugwirizane kuti palibe jingle idzatuluke m'situdiyo popanda pepala ndi dzina. Amalonda sadzasiya kufuna nyimbo, ndipo nkhani za 13 koloko sizidzayamba ndi chete.