EIS YA MRA: TISATSOGOZEDWE PA NKHONDO YA ENI MAHOLOSELO

Achinyamata anzanga a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, nkhani ya EIS yavuta m'magulu mwathu, ndiye tiyeni tiimvetse tisananyamule zikwangwani.

EIS ikulowa m'malo mwa makina a EFD aja amene MRA inabweretsa mu 2014. Kusiyana kwake n'koti pano sugulanso kachimakina, ndi pulogalamu ya pa foni kapena kompyuta. Ukagulitsa katundu, lisiti limafika ku MRA nthawi yomweyo, ndipo sitoko yako yonse imayenera kulembedwa mmenemo. Lamuloli likukhudza mabizinesi olembetsa VAT. Mayi athu ogulitsa tomato mumsika wa Ndirande sali mmenemo, ngakhale ena akuwaopseza dala kuti achuluke pamsewu.

Ndiye akulira kwambiri ndani? Ena mwa iwo ndi eni maholoselo a ku Limbe. Dandaulo lawo lina ndi lomveka ndithu. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola kubanki ndi yosowa, anthu akuigula pamsika wa mseri pamtengo wokwera zedi. Katundu akalowa pamapepala ndi mtengo wa kubanki koma wagulidwa ndi dola ya mseri, mabuku amaonetsa phindu lomwe munthu sanalione. Apa boma liyankhe, lisazembe.

Koma palinso ena, tonse tikuwadziwa, amene amatidula VAT pakauntala n'kutipatsa kapepala kolemba pamanja. Ndalama ija ndi yathu ogula, ndipo siifika kulikonse. Amenewo ine sindingawaguluire nsapato pamsewu, pepani.

Kwa anzathu amene geni yanu yakula mpaka kulembetsa VAT, musazengereze. Onetsetsani kuti TPIN yanu ili bwinobwino, werengani sitoko yonse ndi mitengo yake, sungani malisiti a komwe mumaoda, ndipo phunzitsani wogulitsa wanu, chifukwa iyeyo ndi amene adzasindikize lisiti inu kulibe. Ife amadigiri ongokhala pakhomofe, ntchito ndi imeneyitu: kuwerengera anthu sitoko ndi kuwalowetsera mu sisitimu. Musachite ulere.

Kwa akuluakulu a ku Msonkho House, maphunziro abwere kumakomboni kuno, m'Chichewa, osati m'mahotela okha. Mutiuze momveka zomwe wamalonda achite magetsi akazima kapena netiweki ikathawa, komanso bandulo alipire ndani. Munthu asalipitsidwe chindapusa chifukwa cha vuto lomwe si lake.

Ndipo poti mukufuna kuona tambala iliyonse yolowa m'golosale, nafenso tikufuna kuona tambala iliyonse yotuluka ku Capital Hill. Cashgate ya 2013 sanabe ndi ogulitsa sopo ayi.

Kuyambira lero, mukagula m'shopu yodula VAT, funsani lisiti lenileni. Akakana, musakangane nawo, lembani dzina la shopuyo ndi tsiku, mutumize kwa atsogoleri a gulu la kudera kwanu.

Tumizani uthengawu ku magulu ena.