Cilungamo Cogula Sicikhala ca Osauka

Buku la John Grisham lochedwa The Runaway Jury linatuluka mu 1996, koma mpaka lelo limakanganitsa anthu amene aliwelenga. Zakuti nkhani yake ni yokoma, ambili amagwilizana. Mkangano uli pa mathelo ake. Ena amatseka buku akuomba m'manja kuti makampani a fodya aona zakuda. Ena amatsala ndi kamtima kakuti pali cimene calakwika. Ine ndili ku gulu laciwili, ndipo ndiona kuti ife a ku Chongwe tili ndi cifukwa cabwino cokhalila kumeneko. Amene simunawelenge mundikhululukile, cifukwa ndiulula mmene nkhani inathela.

Ku America milandu yambili imagamulidwa ndi jury, gulu la anthu wamba, kawilikawili 12, osankhidwa pakati pa nzika kuti amve umboni ndi kunena amene wapambana. M'bukuli, mayi wamasiye Celeste Wood asumila kampani ya fodya ya Pynex ku Biloxi, m'dela la Mississippi, cifukwa mwamuna wake anafa ndi khansa ya m'mapapo atasuta zaka zambili. Makampani a fodya ali ndi munthu wawo, Rankin Fitch, amene nchito yake ni kufufuza anthu a jury, kuwanyengelela ndi kuwaopseza. Mmodzi amulonjeza udindo wapamwamba pa nchito. Wina amuchelela msampha mwamuna wake ndi apolisi abodza. Koma Fitch sadziwa kuti m'gulu la jury mwalowa mnyamata wocenjela, Nicholas Easter, amene agwila nchito ndi mtsikana wochedwa Marlee. Marlee agulitsa cigamulo kwa Fitch pa madola 10 miliyoni, kenako amupusitsa. Jury ilamula kampani kulipila madola 2 miliyoni a cipepeso ndi 400 miliyoni a cilango. Pamapeto tidziwa kuti makolo a Marlee onse awili anafa ndi fodya.

Amene amakondwela ndi mathelo awa ali ndi mfundo, ndipo si yopanda pake. Amati Fitch ndiye anayamba kubela, ndipo wamasiye akanangodalila cilungamo akanaluza monga mmene enanso analuzila. Amati mfiti imagonja kwa mfiti inzake. Ndani wa ife sanalakalakepo kuona wolemela wodzikuza akugwa m'mbuna imene anakumba yekha?

Koma kumbukilani Herman Grimes. M'gulu lonse lija, mkulu wosaona uyu ndiye anali kumvetsela umboni mwacidwi ndi kutsatila malangizo a woweluza. Sanagulidwe, ndipo sakanagulika. Amene anamucotsa si Fitch. Ni Nicholas, ngwazi yathu, amene anamuthilila mankhwala m'khofi kuti adwale, iye atenge mpando wa mtsogoleli wa jury. Anacotsanso ena awili, wina pomucititsa mantha, wina pomunamizila. Conco cigamulo cimene timaombela m'manja cinapezeka pocotsa munthu woona mtima. Ndi mmene zimakhalila khoti ikasanduka msika: woyamba kukankhidwila panja ni uja amene alibe mtengo.

Zimene zinacitikadi ku Mississippi zitiphunzitsa zambili kuposa buku. Mu 1994 loya wamkulu wa boma la delalo, Mike Moore, anasumila makampani a fodya. Jeffrey Wigand, amene anali katswili wa sayansi ku kampani ya Brown & Williamson, anaulula poyela zimene makampani anali kubisa. Mu 1998 makampaniwo anavomela kulipila madela 46 a America ndalama zoposa madola 200 biliyoni. Cimene cinawagwetsa ni mapepala awo omwe ndi mboni yolimba mtima, osati ziphuphu. Ndipo mmodzi wa maloya amene anachuka pa nkhondo imeneyi, Richard Scruggs, mu 2008 anavomela mlandu wokonza cakuti apatse ciphuphu woweluza Henry Lackey pa mlandu wina, n'kupatsidwa zaka 5 m'ndende. Munthu amene dzulo anali kumenyela odwala, lelo afuna kugula khoti kuti apindule yekha. Anagwidwa cifukwa woweluzayo anakanena kwa apolisi a FBI.

Wina anganene kuti izi n'za kutali, popeza kuno ku Zambia tilibe jury. N'zoona. Ku High Court agamula ni woweluza, ku Subordinate Court ni majisitileti, ndipo milandu yambili ya kumudzi imathela kwa nyakwawa, kwa mfumu kapena ku Local Court. Koma kumene kulibe jury, wofuna kugula cigamulo amangosintha khomo logogoda. Anzathu a ku Malawi anaziona pa mlandu wa masankho a pulezidenti a 2019. Oweluza 5 a khoti ya malamulo a dziko atatsala pang'ono kupeleka cigamulo, mkulu wa oweluza Andrew Nyirenda anakadandaula ku Anti-Corruption Bureau kuti pali amene afuna kuwagula. Pa 3 February 2020 khotiyo inafafaniza masankhowo. Mu 2021 Thom Mpinganjira, mwini wa FDH Bank, anapezeka wolakwa pa mlandu wofuna kupeleka ziphuphu kwa oweluzawo ndipo anapatsidwa zaka 9; iye anacita apilo. Monga ku Mississippi, cimene cinateteza khoti ni pakamwa pa amene anagogodeledwa.

Tibwelele kwathu. Mlandu waukulu wa ku Chongwe masiku ano ni malo. Lusaka ikufutukuka motsatila Great East Road, kupyola pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ndi Silverest, ndipo munda umene agogo anali kulimapo cimanga tsopano anthu auyang'ana ngati mapuloti. Malo ambili kuno ni a cikhalidwe, a m'dziko la Asoli pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Lamulo la malo la 1995 linena kuti malo otele sangasinthidwe kukhala a taito popanda cilolezo ca mfumu ndi khonsolo. Koma malo asanafike pa taito, alibe mapu. Malile ake ni mtengo wa mango, culu, kamtsinje, manda a makolo. Mapu ake ali m'mitu ya anthu oyandikana nawo.

Apa ndiye pali jury yathu. Pamene wamasiye akangana ndi alamu ake kapena ndi wogula wocokela m'tauni, mlandu umadalila pa akulu atatu kapena anayi amene akumbukila pamene malile anali. Ku Local Court maloya kawilikawili saloledwa kuimila anthu, conco liwu la mboni limalemela kwambili. Lamulo la 1989 logawa cuma ca munthu wakufa wosasiya wilo limapatsa ana 50 pelesenti ndi mkazi kapena mwamuna wotsala 20 pelesenti, koma silikhudza malo a cikhalidwe. Pa munda wa kumudzi, cimene wamasiye ali naco ni cikumbumtima ca anansi ake basi.

Tsopano dzifunseni: tikavomela kuti kugula mboni n'kwabwino malinga ngati wogulayo ali ku mbali yoyenela, adzapambana pamsikawo ndani? Wamasiye ali ndi nkhuku ndi thumba limodzi la feteleza. Wogula malo ali ndi galimoto ndi envulopu. M'buku, wamasiye anapulumuka cifukwa mlembi anamupatsa Marlee. Ku Chalimbana kapena ku Kanakantapa kulibe mlembi wotelo. Ndiponso aliyense amene apeleka nchekeleko amadziona kuti ndiye ali ku mbali yoyenela. Mlamu amati munda ni wa banja lathu. Wogula amati ndinalipila ndalama zanga. Palibe amene amadzicha Fitch.

Zocita zilipo, ndipo si zovuta kumva ngakhale n'zovuta kucita. Mukaitanidwa kukacitila umboni pa malile, nenani pamene mango aja anali, ngakhale wodandaulayo simugwilizana naye. Wina akabwela usiku ndi kanthu ka sopo kuti mukumbukile mwina, kanani, ndipo muuzeko wina m'mawa. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 2012 limalanga wopeleka ndi wolandila yemwe, ndipo Anti-Corruption Commission ilipo kuti ilandile nkhani zotele. Wodandaula za khalidwe la woweluza angapite ku Judicial Complaints Commission. Amene alibe ndalama ya loya angafunse thandizo ku Legal Aid Board. Ndipo a nyakwawa amene aweluza mlandu wa malo poyela, anthu onse a m'mudzi alipo, amadziteteza okha, cifukwa kugula mudzi wonse n'kodula kuposa kugula anthu awili kuseli kwa nkhokwe.

Malamulo a dziko lathu, pa Article 118, amati mphamvu ya makhoti imacokela kwa anthu a Zambia. Ngati n'conco, khoti singakhale yoyela kuposa anthu amene amaimilila kutsogolo kwake ndi kulumbila. Bukuli liwelengeni, n'lokoma, ndipo mudzagona mocedwa. Koma mukafika pamene Herman Grimes atengedwa kupita ku cipatala, imani pang'ono musanaombe m'manja. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Munda umene udzafune mboni yosagulika caka ca mawa ungakhale wa ana anu.