Nchito ya kutsidya imayambira pa a, e, i, o, u

Mwana akaima pa mcenga ku Cóbuè m'mawa, amaona cilumba ca Likoma. Cili pafupi. Bwato limapita ndi kubwerako tsiku lomwelo, ngati mwera sunakalipe. Koma Likoma ndi dziko lina. Ndi Malawi. Kuno m'maofesi amalemba Cipwitikizi. Uko amalemba Cingelezi.

Dziko la Moçambique lacita malire ndi maiko 6: Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini. M'maiko onsewa Cingelezi cimagwira nchito m'maofesi ndi m'masukulu. Caka ca 1995 Moçambique analowanso m'bungwe la Commonwealth, mmene maiko amakambirana m'Cingelezi.

N'cifukwa cake makolo ambiri a kunyanja amalota. Amafuna mwana wao adzakhale namwino ku Lilongwe, kapena kalaliki ku Lusaka, kapena adzalembedwe nchito ya mu ofesi ku Johannesburg. Maloto amenewa si oipa. Usipa sugwidwa wofanana caka ndi caka, ndipo ndalama yocokera kwa mwana wa kutali yafolera nyumba zambiri ndi malata.

Koma makolo ena amafika pa sukulu atakwinya nkhope. Amati: "Aphunzitsi, mwana wangayu Cinyanja anaciyamwa kubere. Nanga mukumphunzitsiranji? Mpatseni Cipwitikizi ndi Cingelezi, akapeze nchito."

Funsoli ndi lomveka. Yankho lake silili kutali. Lili ku Messumba ndi ku Likoma.

Caka ca 1885 amishoni a mpingo wa Anglican anakhazikika pa Likoma. Mmodzi wa iwo anali William Percival Johnson. Iye ankayenda pa sitima yochedwa Charles Janson, mudzi ndi mudzi, m'mbali mwa nyanja. Caka ca 1901 panabwera sitima yokulirapo, Chauncy Maples. M'midzi yambiri mmene sitimazi zinkaima munatsegulidwa sukulu. Ku Kango, pafupi ndi Cóbuè, kunali sukulu ya St Michael's yophunzitsa aphunzitsi.

Kodi ana a m'sukulu zimenezi ankayamba ndi ciyankhulo canji? Ankayamba ndi Cinyanja. Johnson ndi anzace anamasulira Baibulo m'Cinyanja ca kunyanja konkuno, kuti anthu aziwerenga okha. Mwana ankayamba wadziwa kuwerenga mau a kwao. Cingelezi cinkabwera pambuyo.

Ndipo ana amenewa atakula anapita kutali. Ena anakhala aphunzitsi ndi ansembe. Ena anakhala makalaliki, omasulira mau, ndi othandiza madokotala m'zipatala za ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi. Ena anafika ku Harare, kumene Azungu ankacha Salisbury, enanso anafika ku Joni. Kumeneko ankalemba kaundula m'Cingelezi. Koma kalata yopita kwa amai ao ku Messumba ankailemba m'Cinyanja. Cinyanja sicinawatsekere njira. Ndico cinawagwira dzanja poyamba.

Cifukwa cace n'cosabvuta. Munthu amaphunzira kuwerenga kamodzi kokha. Mwana akaona u, si, pa, amalumikiza n'kuti "usipa", kenaka amaseka, cifukwa dzulo anadyera nsima. Wadziwa tsopano kuti zilembo zimayankhula. Koma akayamba ndi mau oti peixe, wasenza mitsuko iwiri nthawi imodzi: zilembo sazidziwa, mauwo sawamva. Mwana wotere amangoloweza ngati cinkhwe. Ena amatopa, n'kusiya sukulu, n'kupita kukathandiza amalume ao kukoka khoka. Mwana wosiya sukulu m'kalasi yaciwiri sadzafika pa Cingelezi.

Palinso cina cimene makolo amaiwala. Cinyanja nacoso ndi ciyankhulo ca nchito kunja. Ku Malawi amacicha Cicewa. Ku Chipata ndi ku Lusaka amacicha Cinyanja. Namwino wa ku Lilongwe amalemba za wodwala m'Cingelezi, koma pofunsa agogo amati: "Agogo, cikukupwetekani n'ciyani?" Mwana wa ku Metangula mau amenewa ali nao kale. Mnzace wa ku Maputo ayenera kuwaphunzira.

Komabe ciyankhulo cokha sicikwanira. Apa ndi pamene ambiri amagwa.

Pa nthawi ya nkhondo anthu oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anayamba kubwerera. Ana ambiri anabwera akudziwa Cingelezi ca ku sukulu za kumeneko. Amene anasunga mapepala ao anaona njira itatseguka. Amene mapepala anapsa, kapena anadyedwa ndi ciswe, anabvutika kuonetsa kalasi imene anafika. Wolemba nchito safunsa kuti, "Kodi uli ndi nzeru?" Amati: "Pepala lako lili kuti?"

Pepala loyamba ndi la kubadwa, la ku Registo Civil. Pepala limeneli limabala B.I., ndipo B.I. imabala pasipoti. Kenaka pamafunika setifiketi ya sukulu. Kenakanso cilolezo cogwirira nchito m'dziko la eni.

Kuyambira caka ca 2005, munthu wa ku Moçambique wokhala ndi pasipoti amalowa ku South Africa popanda visa, kwa masiku 30. Koma kumeneko n'kukaceza cabe, si kukagwira nchito. Wofuna nchito ya maphunziro ace ayenera kutumiza setifiketi yace ku bungwe lochedwa SAQA, kuti aipime ndi za kumeneko. Namwino wofuna nchito ku Malawi ayenera kulembetsa ku bungwe la anamwino ndi azamba la dzikolo. Zonsezi zimatenga nthawi ndi ndalama, ndipo zimakonzedwa munthu asananyamuke.

Wodumpha malire usiku wopanda mapepala, ngakhale Cingelezi cace cikome bwanji, nchito ya mu ofesi saiona. Amagwira maganyu mobisala. Bwana akamumana malipiro, alibe kokadandaula, cifukwa amaopa apolisi. Ndipo kunja sikuseka masiku onse. Mwezi wa Meyi caka ca 2008, alendo ku South Africa anamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba. Anthu ambiri a ku Moçambique anabwerera kwao cimanjamanja. Mlendo amakhala mlendo, ngakhale wa mapepala. Koma wa mapepala ali ndi poimira.

Tsono makolo ofuna kuti mwana wao adzavale yunifolomu yoyera ku Lilongwe asamcotse m'kalasi ya Cinyanja. Asamdzudzule akamva akuimba a, e, i, o, u. Cipwitikizi akucimva kale m'kalasi momwemo, pang'onopang'ono, ndipo Cingelezi cikumdikira m'makalasi a kutsogolo. Mwana wa caka coyamba sanacedwe ai.

Nchito ya makolo caka cino ndi yocepa, koma ndi yao. Atate apite ku Metangula akalembetse mwana, ngati sanalembetsedwe. Pepalalo alikulunge m'pulasitiki, aliike m'citini cotseka bwino, pamwamba, kutali ndi ciswe ndi madzi a mvula. Madzulo, nyali za asodzi zikayamba kuyaka pa nyanja, amai akhale pa mkeka, mwana atsegule bukhu ili, awawerengere tsamba la lero. Ngati amai sadziwa kuwerenga, palibe kanthu. Mau ali m'bukhumu ndi a kwao, ndipo mwana akalakwitsa, amva.