Thumba limodzi ndi makilogalamu angati?

Aliyense amene adaimikapo galimoto pa Mlangeni amadziwa momwe malonda athu amayendera. Usanatsitse n'komwe galasi, amayi afika kale ndi ndowa za mbatatesi, kabichi ali m'manja, tomato ali m'beseni. Ukafunsa mtengo akuuza wa ndowa, wa mulu kapena wa thumba. Palibe amene amatchula kilogalamu. Ndowa ina ndi yophwanyidwa kunsi, ina ndi yosanjikiza mpaka kuoneka ngati chulu, koma zonse timangoti ndowa. Pakati pa anthu awiri oonana maso ndi maso sipavuta. Wogula waona, wakhutira, walipira, basi.

Mavuto amayamba katundu akapita kutali, pepala n'kulowa m'malo mwa maso. Izi ndidaziphunzira mowawa chaka chatha.

Ndidapeza mwayi woperekera mbatatesi ku bungwe lina ku Blantyre lomwe limadyetsa anthu ambiri tsiku ndi tsiku. Chikalata choodera katundu, chija amati LPO, chidalembedwa makilogalamu 2 000. Ndidasonkhanitsa mbatatesi kwa alimi anzanga asanu pangongole, tidalonga m'matumba athu akuluakulu aja osokerera pamwamba, ndipo adakwana 25. Pa pepala loperekera katundu ndidalemba kuti matumba 25. Kalaliki wa kunyumba yosungira katundu adawerenga, naye n'kulemba matumba 25, tonse tidasainira. Koma ku ofesi ya akaunti thumba lililonse amalitenga kuti ndi la makilogalamu 50. Kompyuta yawo idaonetsa kuti ndapereka makilogalamu 1 250 okha, 750 akusowa.

Pomwe nkhaniyi inkandipeza n'kuti mbatatesi itadyedwa kale. Palibe chomwe tikadaikanso pa sikelo. Ndidayenda maulendo atatu, miyezi itatu idatha, pomaliza adandilipira za makilogalamu 1 250. Alimi aja ankafika pakhomo panga m'mamawa uliwonse. Ndidagulitsa mbuzi kuti ndiwabweze, ndipo feteleza wa kudimba chaka chimenecho sindidagule.

Nkhaniyi ndidamufotokozera mwana wa mlongo wanga atabwera kutchuthi. Iyeyu ndi msilikali, amagwira ntchito yosunga ndi kugawa katundu, ndipo adapitako ku DRC. Ndinkayembekezera kuti akwiya nane limodzi. M'malo mwake adapukusa mutu n'kunena kuti: "Malume, palibe amene adakuberani. Katundu mmodzi mudamulemba m'zilankhulo zitatu. Kuntchito kwathu kulakwitsa kotere sikuthera pa mbuzi, kumathera pa moyo wa munthu."

Mawu amenewa adandikhala pamtima, ndipo ndidayamba kufufuza momwe asilikali a m'maiko ena adathetsera vuto la thumba langa.

Tiyambire ku Germany. Mu June 1948 dziko la Soviet Union lidatseka misewu, njanji ndi njira za pamadzi zolowera kuzambwe kwa mzinda wa Berlin, komwe kunkakhala anthu oposa 2 miliyoni. America, Britain ndi anzawo adayamba kutumiza chakudya ndi malasha pa ndege. Pofika September 1949 ndegezi zidali zitayenda maulendo oposa 270 000, kunyamula katundu woposa matani 2 miliyoni. Ndege zinkatera motsatana pakangopita mphindi zochepa, koma mapepala ofotokoza zomwe zanyamulidwa ankabwera osiyanasiyana, ena m'zilankhulo zosiyana. Sajeni wina wa asilikali a America, Edward Guilbert, pamodzi ndi anzake adakonza kalembedwe kamodzi koti aliyense azitsata, komwe kankatheka kutumizidwa pa telekisi kapena pa lamya ndege isanafike. Otsitsa katundu ankadziwiratu chomwe chikubwera. Nkhondo ya mapepala imeneyi Guilbert adaipitiriza atavula yunifomu, ndipo mu 1968 adathandiza kukhazikitsa komiti ya makampani onyamula katundu yogwirizanitsa kalembedwe kawo. Uku ndiye kudachokera njira yomwe lero imatchedwa EDI, yoti kompyuta ya kampani ina izitumiza zikalata ku kompyuta ya kampani ina popanda munthu kukoperanso pamanja.

Mu 1962 asilikali a America adakhazikitsa dongosolo looda katundu lotchedwa MILSTRIP. Pempho lililonse linkayenera kukwana pa khadi la malo 80, ndipo malo alionse adali ndi ntchito yake. Malo atatu oyamba ankanena mtundu wa chikalatacho. Malo a 23 ndi 24 ankanena muyezo: EA kutanthauza chimodzi, PR kutanthauza peyala, BX kutanthauza bokosi. Malo a 25 mpaka 29 ankanena kuchuluka kwake. Padalinso nambala yoyambira 01 mpaka 15 yosonyeza changu chomwe katunduyo akufunikira, kuti chitsulo cha galimoto yomwe yafera kunkhondo chisadikire pamzere umodzi ndi tsache la mu ofesi. Taonani apa, abale anga: muyezo udapatsidwa malo akeake pa khadi, kuchuluka n'kubwera pambuyo pake. Ine ndikadakhala ndi khadi lotere, mawu oti matumba sakadaloledwa n'komwe pomwe oda idati makilogalamu.

Dzina la katundu nalo adalikonza. Maiko a bungwe la NATO amapatsa chinthu chilichonse nambala ya manambala 13. Anayi oyamba amanena gulu la katunduyo, awiri otsatira amanena dziko lomwe lidachilembetsa, asanu ndi awiri otsalawo ndi a chinthucho. Tayala la mtundu wakutiwakuti likhala ndi nambala yomweyo, kaya wolifuna amalankhula Chingerezi, Chifalansa kapena Chijeremani. Maiko ena omwe sali mu NATO, kuphatikizapo South Africa, amagwiritsanso ntchito manambalawa.

Masiku ano makhadi adatha. Asilikali a America ali ndi malamulo otchedwa DLMS, omwe amatsata kalembedwe ka X12 komwe makampani a zamalonda amagwiritsanso ntchito. M'kalembedwe kameneka oda ili ndi nambala 850, chidziwitso choti katundu wanyamuka ndi 856, invoisi ndi 810. Bungwe la United Nations nalo lidatulutsa kalembedwe kake, UN/EDIFACT, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Maina ndi ambiri, koma mfundo ndi imodzi: tigwirizane kaye tanthauzo la mawu, kenako tiwatumize pa intaneti.

Musaganize kuti asilikali olemera salakwitsa. Pa nkhondo ya ku Gulf ya 1990 mpaka 1991, America idatumiza makontena pafupifupi 40 000, ndipo oposa theka adachita kutsegulidwa kuti anthu adziwe zomwe zidali m'katimo. Katundu adalipo, koma chidziwitso cha katunduyo chidatsalira m'mbuyo. Asilikali ena ankaodanso zinthu zomwe zidali zitafika kale. Chinthu chomwe sukudziwa pomwe chili n'chimodzimodzi kuti ulibe.

Nkhaniyi si ya azungu okha. Kuyambira 2013 asilikali a Malawi adagwira ntchito ku DRC m'gulu lapadera la United Nations limodzi ndi a Tanzania ndi South Africa. Amenewo ndi maiko atatu, aliyense ndi magalimoto ake ndi kasungidwe kake ka mabuku, koma onse akudalira mafuta, chakudya ndi mankhwala kuti zifike pa nthawi yake. Komanso United Nations imabwezera dziko ndalama pa zida ndi magalimoto omwe lapita nawo, koma imatero oyendera akaona kuti zomwe zili pa mgwirizano zilipodi ndipo zikugwira ntchito. Mapepala akasemphana ndi zomwe zili pansi, ndalama yoyenera kubwera kumudzi imachedwa kapena kuchepa. Thumba langa lomwe lija, kungoti apa ndi la dziko lonse.

Koma chomwe mwana wa mlongo wangayu adatsindika kwambiri si manambala ayi. Adati kalembedwe ndi theka chabe, theka linalo ndi malamulo a kachitidwe. Wopempha katundu asakhale yemweyo wovomereza. Wovomereza asakhale wolandira. Wolandira atsimikize pasanathe masiku oikika kuti walandira zingati, ndipo ngati zapelewera kapena zawonongeka, pali chikalata chake chodandaulira nthawi yomweyo, osati patapita miyezi itatu. Wolipira alipire pokhapokha oda, chikalata cholandirira ndi invoisi zikunena chinthu chimodzi. Ndipo cholembedwa sachifufuta. Ukalakwitsa umalemba chikalata china chokonza, kuti wobwera m'mbuyo aone mapazi onse.

Apa ndiye pomwe ife Amalawi tili ndi chipsera. Mu September 2013 idaphulika nkhani ya Cashgate. Boma lidali nayo kompyuta, lidali nalo dongosolo loyendetsera chuma la IFMIS. Koma makampani ena adalipidwa osapereka kanthu, ndipo zolembedwa zina zidafufutidwa m'makinamo. Maiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo amene adamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu. Makina sadabe ndalama. Adangochita zomwe anthu adawauza, chifukwa malamulo oti uyu alembe, uyu avomereze, wina asafufute, adaphwanyidwa. Kugula kompyuta musanagwirizane malamulo kuli ngati kugula loko wa chitseko chomwe chilibe mphuthu.

Si kuti kuno kwathu kulibe chabwino. Pa zipata zikuluzikulu monga Dedza ndi Mwanza, bungwe la MRA limagwiritsa ntchito makina a ASYCUDA World, ndipo katundu amalembedwa ndi manambala omwe maiko ambiri adagwirizana. Mbatatesi yaiwisi nambala yake imayamba ndi 0701, kaya ili pa Dedza, ku Beira kapena ku Durban. Choncho mbatatesi ya pa Mlangeni ili ndi dzina lomwe dziko lonse lapansi likulidziwa, koma ikangoyenda ulendo wa maola ochepa kupita ku Blantyre, sitigwirizana kuti thumba lake ndi lolemera bwanji.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti zonsezi zipondereza mlimi wamng'ono. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Mayi wogulitsa ndowa ziwiri pamsewu safunika fomu, ndipo ndikadakhala woyamba kukana wina atabwera kudzamukakamiza. N'zoonanso kuti malamulo akachuluka, amene amapindula ndi mavenda akuluakulu omwe ali ndi makalaliki awo. Koma taganizani, pamene palibe muyezo wogwirizana, amaluza ndani? Thumba losokerera lija lidayamba chifukwa wogula amafuna katundu wambiri pa mtengo wa thumba limodzi. Chisokonezo chimakomera wamphamvu. Muyezo womveka ndiwo umateteza wofooka, bola ukhale wosavuta kuutsata.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Kwa alimi anzanga a m'makalabu ndi m'makopaletivu kuno ku Mlangeni, Lizulu ndi Tsangano: tisonkherane tigule sikelo, ndipo ikhale yoyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Tikamapereka katundu kutali, tilembe muyezo womwe uli pa oda. Ngati oda yati makilogalamu, katundu akwere pa sikelo wolandira akuona, tonse tisainire, ndipo pepalalo tilijambule pa foni tisanachoke. Ngati pali kusiyana, kulembedwe pomwepo mbatatesi isanalowe m'khitchini.

Kwa mabungwe ogula, kaya ndi sukulu zogonera komweko, zipatala kapena makampani: mukamapereka oda kwa mlimi, muuzeniretu momveka, m'Chichewa, muyezo womwe mulipirire, amene alandire katundu ndi masiku omwe malipiro atenge. Kalaliki wanu ndi a ku akaunti anu azilankhula chilankhulo chimodzi, chifukwa akasemphana iwo, amene amagulitsa mbuzi ndi ife.

Kwa aphungu athu ndi akuluakulu a boma: mukamavomereza ndalama zogulira makina atsopano, kaya ndi a ku unduna, a apolisi kapena a asilikali, funsani mafunso a kalaliki. Kodi chinthu chilichonse chili ndi nambala imodzi? Makinawa atha kulankhulana ndi a ku Treasury popanda munthu kukoperanso? Ndani ali ndi mphamvu yofufuta, ndipo akafufuta ndani adziwe? Zina za asilikali ndi zachinsinsi, n'zoona, koma chinsinsi n'chobisira mdani, osati wowerengera chuma cha boma. Mwana wathu akakhala kutchire kudziko la eni, nsapato, mankhwala ndi chakudya chake zimayenda pa mapepala amenewa.

Mwana wa mlongo wanga uja adabwerera kuntchito. Asananyamuke adandiperekeza kukagula sikelo yopachika, ndipo adandilembera pa kope mizere isanu: tsiku, dzina la katundu, muyezo, kuchuluka, wolandira. Amayi a pamsewu amandiseka, akuti ndasanduka msilikali wa mbatatesi. Asekeni. Sabata yatha ndidatumiza katundu ku Lilongwe. Matumba adali 12, koma pa pepala ndidalemba makilogalamu 960, ndipo ndalama ya makilogalamu 960 ndi yomwe idalowa pa foni yanga.